Masamba olimidwa pamtaya: zitsulo zapoizoni zimafika bwanji m'mbale?

Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kuti bonongwe wonenepa amamera padzala. Maungu ongomera okha pamene pamatayidwa phulusa, madeya ndi zitosi za nkhuku amayanga kuposa a kumunda, ndipo makolo athu akhala akuthyola nkhwani pamalo otere kuyambira kalekale. N'chifukwa chake ambiri amadabwa akamva pa wailesi, kapena akawerenga pa WhatsApp, kuti akatswiri apeza zitsulo zoopsa m'masamba olimidwa pafupi ndi mitaya ya zinyalala m'mizinda. Ena amangoti n'zoopseza chabe, poti masambawo amaoneka obiriwira bwinobwino. Ena amagwidwa ndi mantha mpaka kuyamba kukayikira repu aliyense wa pamsika. Onsewa ali ndi pogwira, koma nkhaniyi ili ndi zigawo zingapo zimene kawirikawiri zimasakanizidwa.

Zitsulo zake ndi ziti?

Pa Chingerezi amazitcha heavy metals. Zimene zimatchulidwa kwambiri pa nkhani ya chakudya ndi mtovu, cadmium, mercury, arsenic, chromium, nickel, kopa ndi zinki. Sikuti zonse ndi adani a thupi. Zinki ndi kopa thupi limazifuna pang'onopang'ono, ndipo mwana wosowa zinki amapinimbira. Zimenezi zimapweteka pokhapokha zikachuluka kwambiri. Koma mtovu, cadmium ndi mercury zilibe ntchito iliyonse m'thupi la munthu. Zikalowa, zimangowononga.

Chimene chimasiyanitsa zitsulozi ndi zoipa zina za pamtaya n'chakuti siziwola. Tizilombo ta kolera timafa madzi akawira. Makoko a nthochi amasanduka dothi mvula imodzi isanathe. Mankhwala ambiri ophera tizilombo amatha mphamvu pakapita nthawi. Chitsulo sichitero. Mukasonkha moto ndi thabwa lokhala ndi misomali, thabwalo limatha koma misomali mumaipeza m'phulusa. Zinyalala zikaotchedwa pamtaya zimachitikanso chimodzimodzi: mulu umachepa, zitsulo zimatsala, ndipo tsopano zaunjikana m'phulusa lochepa, losavuta kuuluka ndi mphepo kapena kukokoloka ndi madzi.

Dothi lililonse lili ndi zitsulozi pang'ono, zochokera ku miyala imene inalibala. Choncho nkhani yakuti "apeza mtovu m'dothi" payokha siinena kanthu. Funso ndi lakuti wapezeka wochuluka bwanji, ndipo wochuluka bwanji angachoke m'dothimo kulowa mwa munthu.

Dzala lakale ndi mtaya wa lero

Dzala la agogo linkalandira zochokera kumunda ndi kukhitchini: zitsononkho, makoko a mtedza, phulusa la nkhuni, mkute wa nsima. Zonsezi zinachokera m'nthaka ndipo zimabwerera m'nthaka. Mtaya wa mumzinda, kaya ndi wa Mzedi ku Blantyre, wa ku Area 38 ku Lilongwe, wa Chunga ku Lusaka kapena wa Pomona ku Harare, umalandiranso zambiri zamtundu womwewu, chifukwa gawo lalikulu la zinyalala za m'mizinda yathu ndi zowolerana za m'misika ndi m'makomo. Koma pamodzi nazo pamabwera zina zimene dzala silinazidziwe.

Batire la galimoto, kapena la sola ngati amene achuluka m'nyumba zathu masiku ano, loposa theka la kulemera kwake ndi mtovu. Mabatire ena otchaja akale ali ndi cadmium ndi nickel. Mababu aatali oyera aja ali ndi mercury. Galasi la ma TV akale a chimbuyo lili ndi mtovu, ndipo mtovu unkagwiritsidwanso ntchito pomata timawaya ta m'mawailesi ndi m'makompyuta. Penti wina wa mafuta, makamaka wachikasu ndi wofiira, amakhala ndi mtovu. Matayala ndi malata zimatulutsa zinki. Mitengo yonyikidwa m'mankhwala obiriwira oteteza chiswe ili ndi kopa, chromium ndi arsenic, ndipo phulusa lake ndi loopsa. Zotsala za kumalo ofufutira zikopa zimakhala ndi chromium.

Kafukuleni dothi la pamtaya wakale ndi khasu muone. Ndi lakuda bii, lofewa, lonunkhira ngati manyowa okhwima. Mukalipera m'manja mumapeza timagalasi tosweka, zitsekero za mabotolo zadzimbiri, timitengo takuda ta m'kati mwa mabatire a tochi, ndi tizidutswa ta jumbo. Chonde chilimo chenicheni, ndipo mlimi amene akuti repu amachita bwino pamenepo sakunama. Vuto ndi lakuti chondecho ndi zitsulozo zinawolerana pamodzi kwa zaka, ndipo sefa imene ingachotse magalasi ndi mapulasitiki singachotse chitsulo chimene chinasungunuka kale n'kumatirira ku dothi.

Palinso madzi akuda amene amatsika pansi pa mulu wa zinyalala mvula ikagwa. Malo otayirako zinyalala omangidwa mwaukadaulo amayalidwa dongo kapena pulasitiki wochindikala pansi pake, ndipo madziwa amatungidwa n'kuyeretsedwa. Mitaya yambiri ya m'dera lathu lino ndi malo ongothirapo basi. Madziwo amalowa pansi kapena kutsetserekera kudambo, kumene kuli madimba. Motero munda ukhoza kukhala patali ndi mtaya koma n'kumamwa za pamtayapo kudzera mu kheni yothirira.

Njira ziwiri: mizu ndi fumbi

Apa ndi pamene pali phata la nkhaniyi, ndipo ndi pamene malipoti ambiri amadumpha.

Njira yoyamba ndi ya mizu. Mbewu sidya dothi, imamwa zosungunuka m'madzi a m'dothi. Pa mizu pali tinjira timene timalowetsa zinki, ayironi ndi manganese, zimene mbewu imazifuna. Cadmium amafanana kwambiri ndi zinki m'kapangidwe kake, choncho amalowera pa tinjira tomweto, n'kukwera ndi madzi mpaka m'masamba. Mtovu khalidwe lake ndi lina. Umamatirira zolimba ku dongo ndi ku zowolerana, susungunuka msanga, ndipo umene walowa m'mbewu wambiri umakanirira m'mizu. Wofika ku masamba kudzera m'kati mwa mbewu ndi wochepa poyerekeza ndi umene uli m'dothi.

Kuchuluka kwa chitsulo chimene chimasungunuka kumadalira kwambiri asidi wa m'dothi, amene amayezedwa pa mulingo wa pH. Pa mulingowu 7 ndi pakatikati, ndipo nambala ikamatsika asidi akuchuluka. Dothi likatsika pansi pa 6, cadmium ndi zinki zimamasuka mosavuta. Minda iwiri ikhoza kukhala ndi cadmium wofanana m'dothi, koma masamba a munda wa asidi n'kukhala ndi wochuluka kuposa a munda winawo. Dothi la pamtaya penipeni nthawi zambiri asidi wake ndi wochepa chifukwa cha phulusa, ndipo zimenezi zimamanga zitsulo zina kwa kanthawi. Koma dothi lomwelo likatengedwa pa ngolo kukathiridwa m'munda wa katondo wa asidi, kenako n'kumathiridwa feteleza wa urea kapena sulphate of ammonia chaka ndi chaka, zowolerana zimatha, asidi amakwera, ndipo zitsulo zimene zinali zomangika zimayamba kumasuka. Chonde cha pamtaya chimatha m'zaka zochepa. Chitsulo chimatsala m'mundamo kwa zaka makumimakumi, ndipo mtovu ukhoza kukhalamo zaka mazana.

Pali chinanso chimene chimafotokoza chifukwa chake maso sathandiza pa nkhaniyi. Kopa, zinki ndi nickel zikachuluka kwambiri, mbewu imayamba kudwala munthu asanafike poopsa: masamba amachita chikasu, mbewu imapinimbira, mlimi amaona yekha kuti pamalopa pali vuto. Cadmium satero. Akhoza kufika m'masamba pa mulingo wosayenera kwa munthu mbewuyo ili yobiriwira, yonona, yokopa ogula. Alibe fungo, sasintha kakomedwe.

Njira yachiwiri ndi ya fumbi, ndipo pa mtovu kawirikawiri ndiyo yaikulu. Tembenuzani tsamba la repu la m'munsi mvula itangogwa kumene: kunsi kwake kuli madontho a matope amene anathovukira kuchokera pansi. M'chilimwe, mphepo ya mwera ndi utsi wa pamtaya zimasiya fumbi pamwamba pa tsamba. Tsamba la nkhwani lili ndi ubweya umene umagwira fumbi, la bonongwe lili ndi makwinya. Kamchenga kamene kamalira m'mano ndiwo zikapanda kutsukidwa bwino ndi dothi lenileni, ndipo ngati dothilo lili ndi mtovu, munthu waudya osadzera m'mizu konse.

Njira ya fumbiyi siithera pa masamba. Mwana amene akukwawa m'mphepete mwa dimba mayi ake akuthirira, n'kumaika zala m'kamwa, akhoza kumeza mtovu wochuluka kuposa umene angaupeze m'ndiwo. Mayi woyembekezera amene amadya dothi nayenso ali pa njira yomweyi ngati dothilo lachokera pamalo oipitsidwa.

Mbewu sizitenga mofanana

Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana amagwirizana pa dongosolo limodzi. Masamba ndiwo amatenga kwambiri: mpiru, repu, tchayinizi, sipinachi, letesi, bonongwe. Za pansi monga kaloti ndi mbatata zili pakati, ndipo zambiri zimakhala m'khungu ndi m'dothi lomatirira. Zipatso ndi njere, monga tomato, mabilinganya, nyemba ndi chimanga, zimatenga zochepa, chifukwa chitsulo chiyenera kudutsa mizu, thunthu ndi masamba chisanafike kumeneko. Mpunga ndi wosiyana ndi njere zinzake: umatenga cadmium ndi arsenic mosavuta.

Mpiru ndi wodziwika kwambiri pa khalidwe limeneli, moti asayansi amauyesa ngati mbewu yoyamwira zitsulo m'dothi loipitsidwa. Ku Harare, ofufuza a pa University of Zimbabwe anayeza mbewu za ku famu ya Firle, kumene minda inathiriridwa ndi madzi ndi matope a m'masuweji kwa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti tsunga, umene ndi mpiru womwewu, unali ndi cadmium ndi mtovu wopitirira malire. Fodya nayenso amakoka cadmium wambiri m'masamba ake, n'chifukwa chake osuta amakhala ndi cadmium wochuluka m'thupi kuposa osasuta.

Chopweteka n'chakuti mbewu zimene zimatenga kwambirizi ndi zomwezo zimene zimapindulitsa mlimi wa m'tauni. Repu ndi mpiru zimayamba kuthyoledwa pakangotha milungu yochepa, zimathyoledwa kangapo, sizifuna malo aakulu, ndipo msika wake sutha.

Zikalowa m'thupi

Mtovu thupi limausokoneza ndi calcium ndi ayironi. M'magazi umakhala pafupifupi mwezi umodzi kuti uchepe ndi theka, koma wambiri umakabisala m'mafupa ndi m'mano, kumene umakhala zaka makumi. Mayi akakhala woyembekezera, thupi limatapa calcium m'mafupa kuti limange mwana, ndipo mtovu wakale umatuluka nawo n'kufika kwa mwanayo. Bungwe la WHO limanena kuti mwana wamng'ono amayamwa mtovu womezedwa kuwirikiza 4 kapena 5 kuposa wamkulu, ndipo limatinso palibe mulingo wa mtovu m'magazi umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza. Mtovu wochepa subweretsa malungo kapena kutsegula m'mimba. Umachepetsa nzeru, umasokoneza chidwi cha mwana m'kalasi, umachepetsa magazi, ndipo ubongo ukawonongeka subwereranso mwakale. Kwa akuluakulu umakweza BP ndi kuwononga impso. Mu 2020, lipoti la UNICEF ndi Pure Earth linati mwana mmodzi mwa atatu padziko lonse, pafupifupi ana 800 miliyoni, ali ndi mtovu wofika maikulogalamu 5 kapena kuposa pa desilita (gawo limodzi mwa magawo 10 a lita) ya magazi; maikulogalamu 1,000 ndiwo amapanga miligalamu imodzi.

Mtovu ukachuluka zedi umapha. Ku Thiaroye-sur-Mer, m'mbali mwa mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008. Kumeneko anthu ankaswa mabatire a galimoto kwa zaka zambiri, kenako anayamba kusefa dothi la pamalopo kuti apeze tizidutswa ta mtovu togulitsa, ndipo dothilo ankalitengera kunyumba. Ku Zamfara, ku Nigeria, ana oposa 400 anafa mu 2010 chifukwa cha miyala ya golide yokhala ndi mtovu imene inkaperedwa m'makomo. M'malo onse awiri chinapha ana ndi fumbi, osati ndiwo.

Pafupi nafe pali Kabwe, ku Zambia, mzinda umene kale unkatchedwa Broken Hill. Mtovu unapezeka kumeneko mu 1902, ndipo mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero dothi la m'makomboni oyandikana ndi mgodiwo lili ndi mtovu wochuluka, ndipo ana ambiri oyezedwa apezeka nawo wokwera kwambiri m'magazi. Mu 2020 mlandu unakasumidwa ku Johannesburg m'malo mwa amayi ndi ana a ku Kabwe, wotsutsana ndi kampani ya Anglo American South Africa, imene imakana kuti ndiyo inachititsa. Mu Disembala 2023 khoti linakana kuti mlanduwo upitirire monga wa gulu, ndipo odandaula anachita apilo. Kabwe ndi mgodi, si mtaya wa zinyalala za m'nyumba, ndipo mtovu wake ndi wochuluka kutalitali kuposa wa pamtaya wamba. Chimene Kabwe akuonetsa ndi kutalika kwa nthawi imene chitsulo chimakhala m'dothi gwero lake litatsekedwa kale.

Cadmium ndiye amene mbiri yake imadutsa m'chakudya mwachindunji. Ku Japan, mgodi wa Kamioka unkataya zotsala zake mumtsinje wa Jinzu, ndipo alimi a m'chigawo cha Toyama ankathirira mpunga ndi madzi a mtsinjewo. Patapita zaka zambiri, anthu, makamaka amayi achikulire amene anabereka ana angapo, anayamba kudwala impso ndi kufewa mafupa, moti ena ankathyoka pongokhosomola. Matendawa anatchedwa itai-itai chifukwa cha kubuula kwa odwala. Boma la Japan linavomereza mu 1968 kuti gwero lake ndi cadmium. Ntchito yosintha dothi la m'minda ya mpungayo inayamba mu 1979 n'kutha mu 2012. Cadmium amaunjikana mu impso, ndipo zimatenga zaka 10 mpaka 30 kuti achepe ndi theka. Munthu wochepa ayironi m'thupi amayamwa cadmium ndi mtovu wambiri kuposa wokhuta bwino, choncho dothi limodzi lomwelo limapweteka kwambiri banja losowa kuposa lopeza.

Za mitaya yeniyeni, kafukufuku wodziwika ndi wa UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, wa mu 2007 pa mtaya wa Dandora ku Nairobi. Anayeza ana 328 okhala pafupi, ndipo pafupifupi theka anali ndi mtovu wopitirira mulingo wovomerezeka panthawiyo.

Malire, ndi kawerengedwe ka manambala

Nkhani ikati masamba "apitirira malire a WHO", nthawi zambiri imatanthauza malire a Codex Alimentarius, bungwe limene FAO (nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi) ndi WHO anakhazikitsa mu 1963 kuti liziika miyezo ya chakudya. Pa masamba, malire a mtovu ndi miligalamu 0.3 pa kilogalamu, ndipo a cadmium ndi miligalamu 0.2. Kuti tione kuchepa kwake: miligalamu 0.3 pa kilogalamu ndi miligalamu 300 pa tani yonse ya masamba, pamene piritsi limodzi la panado lili ndi mankhwala okwana miligalamu 500.

Pali msampha umene umakola ngakhale atolankhani. Malire a Codex amawerengedwa pa masamba aawisi. Koma m'labotale masamba amaumitsidwa kaye asanayezedwe, ndipo ofufuza ambiri amalemba zotsatira pa kulemera kwa ouma. Tsamba laliwisi pafupifupi 90 peresenti yake ndi madzi. Choncho nambala ya masamba ouma imakhala yaikulu pafupifupi kakhumi kuposa ya aawisi. Lipoti lonena kuti apeza miligalamu 2 za cadmium pa kilogalamu ya masamba ouma likhoza kumveka ngati malire apitiriridwa kakhumi, pamene kwenikweni masambawo ali pamalire penipeni. Mfundo yomweyi ikukhudza mfutso: kuyanika sikuchotsa chitsulo, kumangochotsa madzi, ndipo ngati masamba ayanikidwa pansi pamalo a fumbi loipa amaonjezera china. Funso lachiwiri loyenera kufunsa pa lipoti lililonse ndi lakuti masambawo anatsukidwa kapena ayi asanayezedwe, chifukwa pa mtovu kusiyana kwake kumakhala kwakukulu.

Kupitirira malire sikutanthauza kuti amene wadya lero adwala mawa. Chimene chimawerengedwa ndi kudya kwa nthawi yaitali poyerekeza ndi kulemera kwa thupi. Komiti ya akatswiri ya FAO ndi WHO inati mu 2010 kuti thupi lingapirire maikulogalamu 25 a cadmium pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa mwezi. Munthu wa makilogalamu 60 ndiye kuti ali ndi mpata wa maikulogalamu 1,500 pa mwezi. Akamadya magalamu 100 a masamba okhala pamalire penipeni tsiku lililonse, pa mwezi walowetsa 600, osakwana theka. Koma mwana wa makilogalamu 15 mpata wake ndi 375, ndipo akamadya magalamu 50 okha patsiku wafika kale pa 300, tisanawerenge zakudya zina. Pa mtovu, komiti yomweyo inachotsa mulingo wake wakale m'chaka chomwecho cha 2010, itaona kuti sunali kuteteza ana, ndipo sinaike wina m'malo mwake.

Zimene zimathandiza ndi zimene sizithandiza

Kuphika kumapha tizilombo, ndipo pa masamba othiriridwa ndi madzi a zonyansa zimenezo n'zofunika kwambiri, koma sikuwononga chitsulo. Kuwiritsa n'kutaya madzi kumachotsako pang'ono, pamodzi ndi mavitamini. Kutsuka tsamba ndi tsamba m'madzi aukhondo, kusintha madzi kangapo musanadule, kumachotsa gawo lalikulu la fumbi. Kutaya masamba a m'munsi okhudza dothi ndi kusenda kaloti ndi mbatata kumathandizanso. Zonsezi sizikhudza cadmium amene ali kale m'kati mwa tsamba.

Kumunda, kuthira laimu kumachepetsa asidi ndi kumanga cadmium. Manyowa aukhondo a khola kapena kompositi wa zowolerana zosankhidwa zisanasakanizidwe ndi zinyalala zina amapereka chonde chomwecho popanda zitsulo za pamtaya. Kuphimbira mabedi ndi udzu kumachepetsa kuthovuka kwa matope. Kulima m'matumba kapena m'mabedi okwezedwa a dothi lochokera kwina kumalekanitsa mizu ndi dothi loipa. Pamalo okayikitsa, kubzala chimanga, nyemba, mitengo kapena maluwa ogulitsa m'malo mwa masamba kumachepetsa chiopsezo. Zoyeretsa dothi pogwiritsa ntchito mbewu zoyamwa zitsulo zimamveka zokoma, koma zimatenga zaka zambiri, pa mtovu sizipita patali, ndipo zokololazo ziyenera kutayidwa mosamala, osadyedwa kapena kupatsidwa ziweto.

Njira imene yaonetsa mphamvu kwambiri m'mbiri ndi kutseka gwero. Mayiko a kumwera kwa Sahara anasiya petulo wa mtovu kuyambira Januwale 2006, ndipo Algeria, dziko lomaliza padziko lonse, inasiya mu 2021. Kulikonse kumene anayeza, mtovu m'magazi a ana unatsika petuloyu atachotsedwa. Pa mitaya, zofanana nazo zikanakhala kuonetsetsa kuti batire, babu ndi foni yakufa sizikufika pamulu umodzi ndi makoko a kabichi.

Chimene sichithandiza n'kusiya kudya masamba. Masamba ndiwo gwero lotsika mtengo la vitamini A, ayironi ndi calcium kwa mabanja ambiri, ndipo taona kale kuti thupi losowa ayironi limayamwa zitsulo zoipa mowirikiza. Masamba ambiri a m'misika yathu amachokera m'madimba a kumidzi amene sanaonepo zinyalala za mumzinda.

Mbali zosiyanasiyana

Akatswiri a zaumoyo amati mwana wowonongeka ubongo salira, sapita kuchipatala, ndipo palibe amene adzadziwe chimene chinamulepheretsa sukulu, choncho kudikira umboni wa odwala n'kudikira zimene sizidzaoneka. Iwo amafuna kuti kulima masamba pamitaya ndi m'mphepete mwake kuletsedwe.

Alimi ndi mavenda amayankha kuti malo amenewo ndi okhawo opanda mwini, feteleza ndi wodula, ndipo dimbalo ndilo limalipira lendi ndi fizi. Oona za ulimi wa m'mizinda amaonjeza kuti kuletsa popanda kupereka malo ena kumangosamutsira alimi kumalo obisika, mwina oipa koposa, ndipo kumakweza mtengo wa ndiwo kwa osauka.

Makhonsolo amanena za kuchepa kwa magalimoto ndi ndalama, moti ngakhale kutolera zinyalala zonse sakwanitsa, osanena za kuzisankha. Ku Malawi udindo wake ndi wogawikana: Malawi Bureau of Standards, yokhazikitsidwa mu 1972, imaona miyezo ya katundu, Malawi Environment Protection Authority, yochokera ku lamulo la zachilengedwe la mu 2017, imaona za kuipitsa malo, makhonsolo amayendetsa mitaya, alangizi a zaulimi ndiwo amakumana ndi mlimi. Koma mtolo wa mpiru umene wathyoledwa m'bandakucha n'kugulitsidwa pa benchi dzuwa lisanafike pamutu sudutsa pa ofesi iliyonse mwa zimenezi.

Mafunso amene akadali otseguka

Loyamba ndi la kukula kwa vutoli. Kafukufuku wambiri wa mu Africa pa nkhaniyi ndi wa malo amodzi, nyengo imodzi, ndi zitsanzo zochepa, ndipo zotsatira zimasiyana: pena masamba a pamtaya apitirira malire kwambiri, pena ali pansi pake. Ngakhale pamtaya umodzi, pamene panaotchedwa mabatire ndi pamene panathiridwa zinyalala za kumsika zikhoza kusiyana kutali, ngakhale zili mamita ochepa chabe. Ndi zitsanzo zingati zimene zingakwanire kuti munda unenedwe kuti ndi wabwino kapena woipa?

Lachiwiri ndi gawo la masamba pa mtovu wonse umene mwana wa mumzinda amalowetsa. Pali penti wa pakhoma, fumbi la pabwalo, utsi wa osungunula mabatire, miphika ina yopangidwa kuchokera ku zitsulo zakale, madzi a pachitsime. Ngati masamba ali gawo laling'ono, ndalama zochepa zimene zilipo ziyambire kuti? Ngati ali gawo lalikulu, tingadziwe bwanji popanda kuyeza magazi a ana ambiri?

Lachitatu ndi la malire enieniwo. Anapangidwa makamaka poganizira malonda a pakati pa mayiko. Kodi akukwanira kwa banja limene ndiwo zake ndi masamba masana ndi madzulo, chaka chonse, ochokera m'dimba limodzi lomwelo? Amene amagula pamsika amadya za minda yosiyanasiyana, pamene mlimi ndi ana ake amadya za pamalo amodzi.

Palinso la mtunda: dimba liyenera kutalikira bwanji ndi mtaya? Yankho limadalira kotsetserekera madzi, kolowera mphepo ndi mtundu wa dothi, ndipo nambala imodzi singakwanire malo onse. Nanga mitaya yakale imene inatsekedwa, n'kumera udzu, kenako n'kugawidwa kukhala mapuloti, ndani akusunga mbiri yake kuti womanga nyumba adziwe pamene akubzala nkhwani?

Ndipo pali funso la ndalama. Makina oyezera zitsulo alipo m'malabotale a mayunivesite ndi a mabungwe a boma, ndipo pali ena a m'manja otchedwa XRF amene amaonetsa mtovu wa m'dothi pompopompo. Koma mlimi wa mabedi 10 sangalipire kuyezetsa, wogula mtolo umodzi sangathe, ndipo zotsatira zikasonyeza kuti dothi ndi loipa, sizinadziwikebe kuti ndani ayenera kumupezera mlimiyo pena polima: khonsolo imene inathira zinyalalazo, makampani amene anagulitsa mabatirewo, kapena boma.